Mbewu Ikapanda Kumera: Mawu kwa Ankhoswe ndi Alangizi a Mabanja

Mafumu athu, abusa ndi mashehe, anankungwi, ankhoswe, alangizi a mabanja a m'mipingo, amayi ndi abambo nonse, ndathokoza kuti mwasiya makasu ndi malonda anu kudzakhala pansi pano masana ano.

Ndiyambe ndi kupepesa. Nkhani imene mwandiitanira ndi ya kuchipinda, ndipo pena ndi pena nditchula ziwalo ndi mayina ake. Pali apongozi ndi akamwini pabwalo lino, ndikuwaona ayamba kale kuyang'ana pansi. Musakanene kunyumba kuti mzamba uja anabwera kudzalaula. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine pa ntchito yangayi ndaona mabanja ambiri akufera kuuna chithandizo chili pafupi.

Anthu amayesa kuti mzamba amangoona amayi oyembekezera. Alipo mayi wina amene sakhala pamzere wa sikelo. Amadikira anzake onse apimidwe, achoke, kenako amalowa mwakachetechete, kabuku kake ka kuchipatala katadzaza mpaka kuchikuto. Amati, "Anamwino, chaka chachinayi chino, palibe kanthu." Ndikafunsa kuti bambo ali kuti, yankho ndimakhala ndikulidziwa kale. Ali kudimba. Apita ku tauni. Akuti iwo alibe vuto. Kunyumba mayiyu akumutcha chumba, alamu ake akumuuza kuti akungodzaza chimbudzi, ndipo mlandu wake uli kale m'manja mwa inu ankhoswe.

Choncho ndabwera ndi mawu amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka akutopetseni: mimba imapangidwa ndi anthu awiri, ndipo ikasowa tiyenera kufunsa anthu awiri. Vutoli si laling'ono ayi. Mu 2023 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti pa akuluakulu 6 alionse, mmodzi amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, m'mayiko olemera ndi osauka momwe. Werengani anthu a pa benchi yanuyo muone. Ndili ndi mfundo zinayi: mmene mimba imayambira, mbali ya bambo, mbali ya mayi, ndi zoyenera kuchita.

Mfundo yoyamba: mmene mimba imayambira.

Mwana wamkazi amabadwa ali kale ndi mazira ake onse, oposa 1 miliyoni, m'timatumba tiwiri tokhala mbali ino ndi mbali inayo ya chiberekero. Thupi lake silipanganso ena. Pamene akutha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000, ndipo mwa amenewa okhwima n'kutuluka pa moyo wake wonse ndi 400 kapena 500 basi, limodzi pamwezi, mpaka atasiya kusamba ali ndi zaka zapakati pa 45 ndi 55. Dzira likatuluka limalowa m'kanjira kamene timati chubu, kotalika masentimita 10 kapena 12, koma m'kati mwake mopapatiza ngati phesi la udzu. Mbewu ya bambo imakumana ndi dzira m'kanjira kameneka, osati m'chiberekero. Zikakumana, zimatsika pang'onopang'ono kwa masiku angapo kukakhazikika m'chiberekero. Kanjira aka mukagwire bwino m'mutu, tikumana nako kutsogoloku.

Tsopano imvani za nthawi. Dzira likatuluka limakhala ndi moyo tsiku limodzi, osapitirira. Mbewu ya bambo imatha kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Ndiye kuti pa mwezi wathunthu, masiku amene mimba ingalowe ndi 6 okha: masiku 5 dzira lisanatuluke, ndi tsiku lotulukalo. Masiku 6 okha. Ndipo dzira limatuluka patatsala masiku pafupifupi 14 kuti msambo wotsatira uyambe. Mayi amene amasamba pakatha masiku 28 alionse, dzira lake limatuluka cha pa tsiku la 14 kuwerenga kuchokera tsiku loyamba kusamba. Amene amatenga masiku 35, lake limatuluka cha pa tsiku la 21. Musamapatse amayi onse nambala imodzi ngati yunifolomu ya kusukulu. Thupi limaperekanso chizindikiro chake: masiku amenewo chinyezi cha kumaliseche chimakhala choyera, choterera, chonanda ngati therere. Anankungwi, ichi ndiye chiphunzitso choyenera kuwonjezera pa zimene mumalangiza kale.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira masiku? Chifukwa m'midzi yathu muno amuna ambiri sakhala pakhomo. Wina ali ku Joni, amabwera pa Khirisimasi n'kukhala masabata awiri. Wina ali kunyanja ku usodzi, wina ku esiteti ya fodya. Achibale amawerenga kuti ukwati watha zaka zitatu, chikhalirecho anthuwa agona nyumba imodzi masabata 6, mwinanso onsewo anaphonya masiku aja. Kodi mlimi amene wadzala mu Ogasiti angadandaule kuti nthaka ndi yoipa? Ngakhale banja limene onse awiri ali bwinobwino ndipo amakhala limodzi, mwayi wa mimba pa mwezi umodzi ndi pafupifupi umodzi pa inayi kapena isanu. Pakutha pa chaka, mabanja oposa 8 mwa 10 amakhala ataima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mtsikana wakwatiwa mu Okutobala, pofika Janyuwale apongozi ayamba kale kumuyang'ana pamimba. Mukumupanikiza pachabe.

Ndisanachoke apa, ndikonze fanizo limene ndayamba nalo ndekha. Timakonda kunena kuti mkazi ndi munda, mwamuna ndi mbewu. Fanizoli limatithandiza, koma lili ndi bodza m'kati. Mkazi si munda chabe. Mwana amatenga tinthu ta chibadwa totchedwa makromozomu, 23 kwa mayi ndi 23 kwa bambo, theka ndi theka. Ndipo kanthu kamene kamagamula kuti mwana akhale wamwamuna kapena wamkazi kamachokera kwa bambo. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X. Mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X kapena Y. Bambo amene akukwiyira mkazi wake kuti akungobereka atsikana akukalipira wolandira kalata pa mawu amene walemba yekha.

Mfundo yachiwiri: mbali ya bambo. Abambo, khalani bwino, pano ndichedwapo.

Pachichewa tili ndi mawu a mwamuna wolephera kuchipinda. Timati ndi gojo, timati anagwa mu mpapaya. Ndiye mwamuna aliyense amene sanagwe mu mpapaya amadziyesa wobereka. Apa ndiye pagona cholakwa chachikulu. Mphamvu za kuchipinda ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Umuna umene mumauona ndi maso mbali yake yaikulu ndi madzi onyamulira. Mbewu yeniyeni ndi kagawo kochepa kwambiri, ndipo sioneka popanda makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Mwa muyezo wa WHO, mililita imodzi ya umuna iyenera kukhala ndi mbewu zosachepera 16 miliyoni, ndipo zambiri mwa izo zikhale zamoyo, zosambira molunjika. Alipo amuna amene ali nazo zochepa, ena zilipo koma zofooka, ena mulibiretu ngakhale imodzi. Koma mwamunayo ndi wamphamvu, ndevu zili mbwee, mawu ali besi, kuchipinda sadandaulitsa, umuna ukuoneka monga wa wina aliyense.

Nonse mukulidziwa thumba la chimanga chimene analowa anankafumbwe. Kunja thumba lili chilili, lodzaza, losokedwa bwino. Kadzaleni muone ngati chimera. Mlimi wanzeru, mbewu ikapanda kumera, sayamba ndi kutukwana munda. Amatapa mbewu ija m'manja n'kuiyang'ana. Ofufuza amapeza kuti pa mabanja osowa mwana, pafupifupi theka vuto limakhala kwa bambo yekha kapena kwa onse awiri. Theka. Koma pa mzere wa kuchipatala simudzaona theka la amuna.

Chimawononga mbewu n'chiyani? Choyamba ndi matenda opatsirana pogonana, makamaka chinzonono chimene sichinachizidwe bwino. Mnyamata amagula makapisozi awiri pagolosale, mafinya n'kusiya, iye n'kumati wachira, pamene matenda atsikira kumachende n'kutseka timitsempha todutsa mbewu. Chachiwiri ndi matsagwidi. Kwa mwana wamng'ono ndi matenda otupitsa masaya chabe, koma akagwira mnyamata wotha msinkhu amatha kutupitsa machende n'kuwafooketsa. Chachitatu ndi mitsempha ya magazi yotupa m'thumba la machende, imene ukaigwira imamveka ngati nyongolotsi zopiringizana. Imeneyi madokotala amatha kuikonza. Pali kuvulala, pali fodya, chamba ndi mowa wopitirira muyezo. Palinso kutentha. Mulungu sanalakwitse poika machende kunja kwa thupi: mbewu imapangika bwino pamalo ozizirirapo kuposa m'kati mwa thupi. N'chifukwa chake, amayi, mukamasambitsa khanda lalimuna muzionetsetsa kuti machende onse awiri ali m'thumba mwake. Ngati limodzi silinatsike pofika miyezi 6, pitani naye kuchipatala. Opaleshoni yake ndi yaing'ono akadali khanda, koma mukalekerera mudzamulira ali ndi zaka 30.

Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, miyezi iwiri ndi theka. Izi zili ndi ubwino wake. Bambo akadwala malungo otentha thupi kwambiri, mbewu imatha kuchepa kwa miyezi itatu kenako n'kubwerera. Akasiya fodya ndi kachasu lero, asayembekeze kusintha mawa. Adikire miyezi itatu. Za gondolosi musandifunse. Kaya amadzutsa chilakolako kaya sadzutsa, njira yotsekeka satsegula.

Ndikudziwa yankho limene lili pakamwa pa ena: "Ine ndili ndi mwana kwina." Chabwino. Mwanayo anabadwa liti? Zaka 10 zapitazo? Nanga pa zaka 10 zimenezi thupi lanu ladutsa m'zotani? Nkhokwe imene inali yodzaza chaka chatha si umboni wakuti chaka chino muli chimanga. Ndipo za mwana wa kwinayo ndisiyire pomwepa, ankhoswe mumazidziwa kuposa ine.

Mimba imapangidwa ndi anthu awiri. Ikasowa, tifunse anthu awiri.

Mfundo yachitatu: mbali ya mayi.

Tibwerere ku kanjira kaja. Kuno kwathu, ndi m'mayiko ambiri a kum'mwera kwa Sahara, chimene chimalepheretsa amayi ambiri kutenga mimba ndi kutsekeka kwa machubu, ndipo chimatseka machubu kawirikawiri ndi matenda. Chinzonono ndi mnzake wotchedwa chlamydia ndi matenda achinyengo kwa mayi. Bambo amamva kuwotcha pokodza n'kuthamangira mankhwala. Mayi nthawi zambiri samva kalikonse. Matenda amakwera mwakachetechete kuchokera pa khomo la chiberekero mpaka m'machubu, n'kusiya zipsera, kanjira kaja n'kumatirira. Tsono taganizani. Bambo watenga matenda kunja, wakalandira jakisoni mobisa, mkazi wake sanamuuze. Patha zaka zitatu, bambo yemweyo akubwera kwa inu ankhoswe kuti mkaziyu ndi chumba, ndikufuna kukwatira wina. Wotseka chitseko ndi yemweyo akudandaula kuti m'nyumba simulowa mphepo. Ndi chifukwa chake kuchipatala timapereka kakalata koitanira mnzako wogona naye. Kakalata kaja si kokuchititsani manyazi. Ndi kopulumutsa machubu.

Machubu amawonongekanso ndi matenda olowa pambuyo pochira pamalo opanda ukhondo, pambuyo popita padera osakatsukidwa kuchipatala, ndiponso pochotsa mimba mobisa ndi zitsotso za chinangwa kapena mankhwala a kumudzi. N'chifukwa chake ambiri amene timawaona si oti sanaberekepo. Ndi mayi wa mwana mmodzi, mwanayo ali Sitandade 5, wachiwiri osabwera. Anthu amati anamumanga, anamuponda mwendo. Mukafufuza mupeza kuti atachira mwana woyamba uja anadwala masabata awiri, m'mimba mukupweteka, thupi likutentha, kumaliseche kukutuluka zonunkha.

Inu a kufupi ndi madzi, a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ku Chilwa, m'chigwa cha Shire ndi m'masikimu a mpunga, onjezanipo likodzo. Tinazolowera kuliona ngati matenda a anyamata okodza magazi. Koma mazira a tizilombo take amakakhazikikanso pa khomo la chiberekero ndi m'machubu a mtsikana, ngakhalenso m'ziwalo zoberekera za mwamuna. Mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'sukulu aja, makolo ena amauza ana awo kuti athawe, ati ndi oumitsa. Zoona zake n'zotembenuza: likodzo ndilo lingaumitse mwana wanu, mapiritsiwo akumuteteza.

Chenjezo limodzi lofunika. Chubu chikatsekeka mwatheka, mimba imatha kukhazikika m'chubu momwemo osafika m'chiberekero. Imakula masabata ochepa, chubu n'kuphulika, magazi n'kumatayikira m'kati. Mayi amene wadumphitsa msambo, akumva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena, akuona timagazi, akuchita chizungulire, ameneyo si wodikira kuti kuche. Pezani galimoto, njinga yamoto, chilichonse.

Zilipo zifukwa zina: mazira osakhwima mwezi ndi mwezi, zimene zimaonekera pa msambo wodumphadumpha, zotupa za m'chiberekero, ndi msinkhu, pakuti mayi akapitirira zaka 35 mazira amachepa mofulumira. Koma kulera sikuli pa mndandanda umenewu. Ndibwereze: kulera sikuumitsa. Mapiritsi, lupu ndi kachipangizo ka pamkono, ukangosiya, kubereka kumabwerera posachedwa. Jakisoni wa Depo yekha ndiye amachedwetsa. Mayi amatha kudikira miyezi 10, ena chaka, kuchokera pa jakisoni womaliza, koma kubereka kumabwerera. Ndipo magazi a msambo saunjikana m'mimba monga amanenera pachitsime. Mankhwalawa amangochititsa kuti m'kati mwa chiberekero musakhuthale, ndiye palibe choti chituluke.

Mfundo yachinayi: tichite chiyani?

Lamulo lake n'losavuta. Banja likakhala limodzi chaka chathunthu, likugonana kawiri kapena katatu pa sabata popanda kulera, mimba osabwera, lipite kuchipatala. Ngati mayi wapitirira zaka 35, asadikire chaka, miyezi 6 yakwana. Apite onse awiri, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndipo woyamba kuyezedwa akhale bambo. Sindikukondera amayi anzanga ayi, ndikuwerengera mtengo ndi ululu. Kuyeza bambo n'kwapafupi: amadziletsa masiku awiri mpaka 7, amapereka umuna m'kabotolo, a ku labotale n'kuuyang'ana ola lisanathe. Palibe jakisoni, palibe mpeni. Zikatuluka zosakoma amabwereza pakatha miyezi itatu, chifukwa cha masiku 74 aja. Kuyeza mayi n'kotalika: sikani, magazi, ndi ekisire ya machubu imene amathira mankhwala m'chiberekero, yopweteka ndithu. N'chifukwa chiyani tiyambire kovuta, kosavuta kulipo? Chipatala chaching'ono chikalephera chimakutumizani ku cha boma, cha boma chimakutumizani ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Mayi amene akufuna mimba ayambiretu kumwa mapiritsi a folic acid asanaime, amateteza msana ndi ubongo wa mwana. Amene ali ndi HIV asataye mtima: womwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana, ndipo angathe kubereka mwana wopanda kachilombo.

Tsopano za fisi. Mafumu, mundilole. Mwambo wolowetsa mwamuna wina m'nyumba usiku kuti akapereke mimba ukutiuza chinthu chimodzi chachikulu: makolo athu ankadziwa bwino lomwe kuti mwamuna amatha kukhala wosabereka. Ankadziwa. Kungoti vuto la mwamuna ankalikwirira usiku, la mkazi n'kumaliimbira nyimbo pamtondo masana. Lero fisi amalowa ndi HIV, amalowa ndi chinzonono chomwe chija chotseka machubu, ndipo kawirikawiri mkaziyo safunsidwa n'komwe. Malamulo a dziko lino, monga Gender Equality Act ya 2013, amaletsa miyambo yoika moyo ndi ulemu wa munthu pachiswe. Tisunge nzeru ya makolo yodziwa kuti mwamunanso amalephera. Njira yawo yothetsera vutoli tiisiye.

Za asing'anga ndi alaliki olonjeza mimba ya pompopompo sindilimbana nazo kwambiri. Pempherani, inenso ndimapemphera. Chimene chimandipweteka ndi zaka. Mayi amayamba kuzungulira ali ndi zaka 27, mbuzi zatha, njinga yagulitsidwa, akufika kwa ife ali ndi zaka 39, mazira atatsala ochepa. Ndipo zitsamba zolowetsa kumaliseche zimasupula khungu la m'kati n'kutsegulira matenda khomo.

Ena munamva za ana opangidwa mothandizidwa ndi madokotala, dzira ndi mbewu kuzikumanitsa mu labotale. N'zoona. Woyamba anali Louise Brown, anabadwa pa 25 Julaye 1978 ku Oldham, ku England, mwa ntchito ya Patrick Steptoe ndi Robert Edwards. Mayi ake anali ndi vuto lomweli la machubu otsekeka. Koma njirayi imadya ndalama zimene ambiri a ife sitidzazigwira. Kuchiza chinzonono sabata yoyamba, bambo ndi mayi pamodzi, pa chipatala cha boma n'kwaulere.

Sindikunamizani kuti aliyense wopita kuchipatala adzabereka. Alipo amene tidzawayeza zonse osapeza chifukwa. Alipo amene tidzapeza chifukwa koma osatha kuchikonza. Amenewo akadali banja, akadali anthu athu. Amalera ana a abale awo, amalipira fizi, ena amatenga mwana wamasiye kudzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi kukhoti. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: mwambiwu tisamangoutchula pamaliro.

Ankhoswe, pempho langa kwa inu ndi ili. Mlandu wotere ukafika pakhonde panu, musayambe ndi kufunsa kuti walakwa ndani. Funsani kuti akhala nyumba imodzi miyezi ingati. Kenako itanitsani timabuku ta kuchipatala tiwiri, ka mkazi ndi ka mwamuna. Kakabwera kamodzi, imitsani mlandu, auzeni adzabwerenso kachiwiri kakapezeka. Ngati mwamunayo akuchita manyazi, inu malume ake mum'perekeze. Pa chipatala palibe amene adzalengeze zotsatira zake pa msika.

A wapampando, ndadya nthawi yanu yambiri. Ndiyankha mafunso atatu kapena anayi pano. Amene funso lawo silinganenedwe pamaso pa apongozi andipeza pansi pa mtengo wa mango uko, ndikhalapo mpaka 4 koloko.